Za Kusankha Mabuku Owerenga pa Tchuthi

Abale athu a ku Thyolo, inu okhala m'midzi yozinga minda ya tiyi ya ku Satemwa, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi kwa Conforzi, phunziro la mwezi uno lilinga kwa inu, ngakhale enanso sadzalephera kutolamo kanthu.

Mudziwa kuti chaka cha tiyi chili ndi nyengo ziwiri. Kuyambira Disembala kufikira Epulo, pamene mvula ili kugwa, tiyi aphuka msanga, ndipo munthu alawirira mbandakucha dengu lili kumsana, nabwera madzulo ali wolema. Pa nyengo yotere buku ligona m'bokosi. Koma pofika Juni ndi Julayi, chiperoni chitakuta phiri la Thyolo, masamba achepa, mitengo ya tiyi iduliridwa, ndipo ambiri amene analembedwa ntchito ya dzinja lokha abwerera kwawo. Posakhalitsa ana nawonso atsekera sukulu, nakhala pakhomo mwezi wonse wa Ogasiti. Iyi ndiyo nthawi ya buku. Komatu masiku ake ndi owerengeka, ndalama za m'thumba n'zowerengekanso. Chifukwa chake tiyenera kusankha mwanzeru.

I. Tiphunzire kwa wothyola tiyi

Wothyola tiyi wodziwa ntchito yake satenga tsamba lililonse limene dzanja lake lakhudza. Atenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, nasiya okhwima. Mlendo pa ntchitoyi ayesa kuti wachenjera podzaza dengu msanga ndi masamba okalamba ndi timitengo. Koma pofika pa sikelo kapitawo amkhazika pansi kuti asankhe, ndipo dzuwa limthera pachabe. Momwemonso ndi mabuku. Ubwino wa tchuthi suyesedwa ndi kuchuluka kwa mapepala amene tatembenuza, koma ndi zimene zatsala mumtima titatseka buku. Mabuku awiri kapena atatu osankhidwa bwino, owerengedwa kufikira tsamba lotsiriza, aposa khumi oyambidwa ndi kusiyidwa panjira.

II. Mafunso atatu oyesera buku

Loyamba: analilemba ndani? Buku labwino silibisa mwini wake, kapena malo ndi chaka chimene linasindikizidwa. Timapepala tambiri togulitsidwa m'misika, tomasulira maloto kapena tolonjeza chuma cha msanga, tilibe dzina la munthu amene tingamfunse ngati tatinamiza. Chomwecho ndi nkhani zambiri zofika pa foni, zimene munthu angolandira kwa mnzake, mnzakeyonso osadziwa kumene zinachokera. Mawu opanda mwini tiziwaopa monga tiopa mankhwala a m'botolo lopanda chizindikiro.

Lachiwiri: kodi ndikhoza kulimva? Musanapereke ndalama, tsegulani pakati pa bukulo, nimuwerenge tsamba limodzi lathunthu. Mukakhoza kufotokozera mnzanu zimene mwawerengazo, bukulo ndi lanu; mukalephera, lisiyeni lidikire chaka china. Palibe manyazi powerenga m'chinenero chathu. Ambiri agula buku lalikulu la Chingerezi kuti alendo alione pa tebulo, ndipo lidyedwa ndi chiswe lisanawerengedwe.

Lachitatu: lidzandisiyira chiyani? Chikuto chokongola chisatinyenge, pakuti makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku lina lisiya munthu ali wodziwa kanthu kamene sanakadziwe, lina limsekeretsa ndi kumpumitsa, ndipo zonsezi n'zabwino. Koma liliponso lomsiya ndi mantha, kapena ndi mtima wokayikira mnansi wake kuti ndiye amlodza. Ngati simudziwa, funsani mphunzitsi kapena wina amene analiwerenga kale. Safunsa anadya phula.

III. Mabuku ena amene tiwatchula

A nkhani. Tiyambe ndi Nthondo, limene analemba Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linatuluka m'chaka cha 1933 litapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa, ndipo m'chaka cha 1934 T. Cullen Young analitembenuzira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Lilondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake kufikira imfa: ubwana wake wosamvera, ulendo wake wofuna ntchito kutali, ndi kubwerera kwake kudzakhala mfumu ya mudzi. Yense amene anasiyapo kwawo chifukwa cha ntchito adzadzipeza m'menemo. Linanso ndilo Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, lonena za awiri amene anamuka ku ntchito pamodzi, ndi za nsanje imene inabala mwazi pa njira yobwerera. Anyamata olandira malipiro awo oyamba aliwerenge. Okonda nkhani za masiku a pambuyo pake afunefune Njala Bwana la Willie Zingani, ndipo okonda ndakatulo afunefune Ntchito ya Pakamwa la E. J. Chadza.

A mbiri ndi mwambo. Nthara yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa, ndipo E. W. Chafulumira analemba Mbiri ya Amang'anja, limene likhudza eni nthaka akale a chigawo chino. Miyambi ya makolo ipezeka mu Nzeru za Kale la S. Kumakanga. Ana a sekondale odziwa Chingerezi, makamaka a mtundu wa Alomwe, ayese kupeza Memoirs of a Malawian, la 1971, m'mene Lewis Mataka Bandawe, amene anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, asimba za moyo wake.

A ntchito. Amene ali ndi kamunda ka tiyi, ka nthochi kapena ka chimanga apemphe kwa mlangizi wa zaulimi zolembedwa za ulimi, pakuti kuwerenga za manyowa mu Ogasiti kuposa kudandaula mu Febuluwale. Banja lokhala ndi ana a sukulu lidzathandizidwanso ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wotuluka m'chaka cha 2000.

Ndipo m'nyumba zambiri muli kale buku limene ambiri a ife tinaphunziriramo kuwerenga, ndilo Buku Lopatulika la 1922, kapena Buku Loyera la 1998. Ambiri tingolitsegula pa vesi limodzi kuno, lina uko. Pa tchuthi tisankhemo kabuku kamodzi kakafupi, monga Rute kapena Marko, tikawerenge konse monga nkhani imodzi.

IV. Tidzawapeza kuti?

Tidziwa kuti ena mwa mabuku akalewa apezeka movuta, ndi kuti mtengo wa buku latsopano ulemera kwa munthu wa malipiro a pa tsiku. Koma njira zilipo. Bungwe la boma lobwereketsa mabuku, la National Library Service, linayamba ntchito m'chaka cha 1968, ndipo lili ndi nyumba yake ku Blantyre. Komwekonso kuli sitolo ya mabuku ya CLAIM. Kwathu konkuno, ku Malamulo pafupi ndi Makwasa, mishoni imene inayamba m'chaka cha 1902, mabuku akhala akusindikizidwa zaka zambiri. Aphunzitsi opuma pa ntchito asunga mabuku akale m'mabokosi mwawo, ndipo ambiri sakaniza munthu wopempha mwaulemu.

Njira yoposa zonse ndi iyi: mabanja asanu oyandikana apangane, lililonse ligule kapena libwereke buku limodzi losiyana ndi la anzake, ndipo Loweruka lililonse asinthane. Potero yense awerenga asanu pa mtengo wa limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Koma wobwereka akumbuke kulikuta ndi pepala, kuliteteza ku chinyontho cha chiperoni, ndi kulibweza tsiku lopangana. Wosabweza atsekera anzake onse khomo.

V. Tiwerenge motani?

Mwana amene atha masabata onse a tchuthi osaona chilembo abwerera ku sukulu lilime litalemera, ndipo mphunzitsi ayambanso naye za chaka chatha. Chifukwa chake madzulo, nsima itadyedwa, mwana awerenge mokweza tsamba limodzi kapena awiri, onse a m'nyumba ali kumva. Amayi ndi agogo amene sanapite ku sukulu asayesedwe opanda gawo, pakuti iwo ndiwo adzamasulira mwambi umene mwanayo wautchula osaumva.

Ndipo powerenga za mbiri, mwana afunse agogo ake za kuno kwathu: za ulendo wa makolo ochokera ku Mozambique kudzafuna malo ndi ntchito m'minda iyi, za thangata amene anthu anagwira polipira malo okhalapo, ndi za chipolowe cha ku Thyolo cha 1953. Odziwa zimenezi ndi maso awo atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse tiika ena m'manda. Zimene anena zilembedwe m'kope, ndi dzina la wonenayo ndi tsiku lake. Mbiri zimene tatchula pamwambapa zinayamba chomwecho, munthu atakhala pa mphasa kumvera akulu.

Mafunso a pa phunziroli

1. Tchulani mafunso atatu oyesera buku.
2. Nanga m'nyumba mwanu muli buku liti limene simunalimalize?
3. Ndi mabanja ati anayi amene mungapangane nawo kusinthana mabuku mvula isanagwe?
4. Ndani wamkulu m'mudzi mwanu amene mawu ake ayenera kulembedwa chaka chino?