Galu wa Mnansi ndi Matenda a Chiwewe

M'midzi yambiri ndi m'matauni momwe, agalu samangidwa. Masana amagona pansi pa nkhokwe kapena pakhonde, ndipo dzuwa likapendeka amayamba kuyendayenda. Motero mayi wochokera kuchigayo, bambo wopita kudimba ndi mwana wopita kusukulu amakumana ndi agalu a eni tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri mwini galu amangofuula ali chikhalire pampando kuti, "Dutsani, ameneyo saluma!" Mawu amenewa ngosadalirika. Galu amene saluma mbuye wake akhoza kuluma mlendo.

Galu akamayandikira

Munthu akaona galu akubwera mouwa, miyendo imafuna kuthawa. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, pakuti galu mwachibadwa amathamangitsa chinthu chimene chikuthawa, ndipo palibe mwana amene angapose galu liwiro. Choyenera ndi kuima chilili ngati mtengo, manja ali m'mbali, osakuwa, ndiponso osamuyang'anitsitsa m'maso, chifukwa kwa galu kuteroko ndi kuputa ndewu. Agalu ambiri amangonunkhiza munthu woima chotero nkuchoka. Pamenepo munthuyo abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, osafulatira galuyo kufikira atatalikira.

Wapanjinga atsike, njingayo ikhale pakati pa iye ndi galu. Dengu, chikwama kapena ambulera zimagwiranso ntchito yomweyo. Ngati galu wagwetsa munthu pansi, munthuyo adzipinde, mawondo afike pachifuwa, manja aphimbe khosi ndi makutu, nkhope iloze pansi.

Ana aphunzitsidwe kusaseweretsa galu amene akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Aletsedwenso kugenda agalu. Galu amene amagendedwa masiku onse ndi ana a sukulu amadana ndi mwana aliyense, ndipo tsiku lina amadzaluma wamng'ono amene sanatolepo mwala.

Kuopsa kwa chiwewe

Bala la mano a galu limapweteka, koma choopsa chenicheni ndi chiwewe. Kachirombo ka matendawa kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamayenda m'mitsempha pang'onopang'ono mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambiri pamapita miyezi 2 kapena 3 zizindikiro zisanaoneke, ngakhale kuti nthawi zina pamangopita sabata imodzi, nthawi zinanso chaka. Bala la kumaso, m'khosi kapena m'zala ndi loopsa koposa. Chonyenga nchakuti bala limapola bwinobwino, banja nkuiwala, kachirombo kakuyendabe m'thupi.

Wodwala amayamba ndi kutentha thupi, mutu, ndi kuyabwa kapena dzanzi pamene panali bala. Kenaka amasokonezeka maganizo, amatuluka dovu, ndipo akafuna kumwa madzi pakhosi pamathina kotero kuti amachita mantha ndi madziwo. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, pafupifupi aliyense amamwalira. Bungwe la World Health Organization limayerekeza kuti chiwewe chimapha anthu okwana 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2007, anaonetsa kuti ana ena amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo anali ndi chiwewe.

Galu wachiwewe si woluma chilichonse yekhayo ayi. Wina amangofooka, chibwano chili pululu, dovu likuchucha, miyendo yam'mbuyo ikukwakwaza. Anthu amaganiza kuti watsamwa fupa nalowetsa dzanja m'kamwa mwake kuti amuthandize. Kumeneko ndi kudziitanira matenda.

Munthu akalumidwa

Chithandizo choyamba chili pakhomo pomwepo. Bala litsukidwe msanga ndi sopo ndi madzi ambiri othira mosalekeza kwa mphindi 15. Mphindi 15 nzambiri kwa mwana amene akulira, koma kutsukako kumachotsa ndi kupha tizirombo tochuluka tisanalowe m'kati. Ngati mowa wa mankhwala wotsukira mabala kapena ayodini alipo, apakidwe pambuyo pake. Tsabola, phulusa, dothi kapena ubweya wootcha wa galuyo sizipha kachirombo. Zimangoipitsa bala ndi kutayitsa nthawi.

Atatsuka, wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Kukandidwa ndi zikhadabo, kapena kunyambitidwa pachilonda, m'maso kapena m'kamwa, nakonso nkofunika kukaonetsa. Katemera wa chiwewe amateteza bwino ngati wayambidwa zizindikiro zisanaoneke. Anayamba kumugwiritsa ntchito pa munthu ndi Louis Pasteur wa ku France mu 1885, pa mnyamata wa zaka 9 dzina lake Joseph Meister, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Akuluakulu ena amakumbukabe jakisoni 14 kapena kuposerapo wobaya pamimba, ndipo amaopseza naye ana. Katemera wamakono ndi wa majakisoni ochepa, obaya pamkono pa masiku amene achipatala amalemba. Chofunika ndi kuwamaliza onse, osalekera panjira poona kuti bala lauma.

Pali chinthu china chimene makolo ayenera kuchiganizira bwino. Mwana amene anauzidwa kuti asadutse pakhomo lakutilakuti, akakandidwa ndi galu wa pakhomopo amabisa bala poopa chikwapu. Ndi bwino ana adziwe kuti wonena za kulumidwa sadzamenyedwa.

Galu amene waluma munthu, ngati nkotheka kumugwira popanda ngozi, amangidwe pamalo payekha kwa masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi, ndipo alangizi a ziweto adziwitsidwe. Akadwala kapena kufa m'masiku amenewa, achipatala auzidwe msanga. Koma wolumidwayo asakhale pakhomo kudikira masiku 10 amenewo. Katemera ayambe tsiku loyamba.

Kulankhula ndi mwini galu

Mabanja ambiri amangong'ung'udza m'nyumba poopa kudana ndi mnansi. Ena amakhala chete kwa miyezi, kenaka nkuthirira galuyo chiphe usiku, chimene chingaphenso nkhuku, amphaka ngakhale mwana wotola chakudyacho. Njira yabwino ndi kupita kwa mwini galu mwaulemu, mitima itazizira, kukamufotokozera tsiku ndi malo amene galuyo anavutitsa anthu, ndi kupempha zinthu ziwiri: kuti galuyo azimangidwa kapena kutsekeredwa nthawi imene ana akupita ndi kubwera kusukulu, ndiponso kuti aonetse chiphaso cha katemera. Mwiniyo akakana, nkhaniyo ipite kwa anyakwawa kapena kwa amfumu, ndipo alangizi a ziweto ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo akhalepo.

Katemera wa agalu ndiye amateteza mudzi wonse. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 aliwonse akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimaleka kufalikira m'deralo. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pogwira ntchito ndi dipatimenti ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre. Tsiku la katemera likalengezedwa, tiana ta agalu natonso tipite, ndipo mnansi amene ali wokalamba kapena wodwala athandizidwe kukokera galu wake kumalo obayirako.