Mwana Akamatsokomola, Yang'anani Kapumidwe Kake

Chimodzi mwa zimene zimapha ana athu ndi chibayo, ndipo chibayo chimadziwika ndi kapumidwe, osati kukula kwa chifuwa. Koma khomo ndi khomo tikupeza zomwezomwezo. Mwana akangotsokomola, bambo amathamangira ku golosale kukagula mapiritsi awiri a bakitilimu ndi panado, mayi n'kubenthula theka, kusungunula pa sipuni, kumumwetsa. Thupi likazizirako, ati wayamba kupeza bwino. Ayi! Panado amangotsitsa kutentha, mapapo akudwalabe. Mapiritsi awiriwo satha kupha tizilombo, amangotizoloweretsa mankhwala, ndipo tsiku lina mankhwalawo adzakana kugwira ntchito pa mwana wanu yemweyo. Kenaka mumabwera naye atalefuka kale, ena mutamutema ndi mphini pachifuwa. Tidzalankhula kangati? Ngati ndi chimfine chabe, mankhwalawo safunika n'komwe. Ngati ndi chibayo, sakwanira.

Mwana akakhala phee, osati akulira, m'kwezeni malaya. Werengani kukwera kwa mimba yake kwa masekondi 60 athunthu. Wotchi ya pafoni ikukwana. Akupuma mothamanga ngati mwawerenga:

60 kapena kuposa, khanda losakwana miyezi iwiri;
50 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka 11;
40 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zisanu.

Zikatero, pitani naye lero lomwe kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Akakupatsani amoxicillin, m'mwetseni mpaka masiku onse athe, ngakhale ayambe kusewera. Osasungira mng'ono wake otsala, pakuti sayenera kutsala.

Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti. Mukamalowa mkati pamene mwana akukoka mpweya, kapena akakana bere, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamavuta kudzutsa, musadikire kuti kuche kapena kuti bambo abwere kudzapereka chilolezo. Nyamukani. Khanda losakwana miyezi iwiri ndi la kuchipatala basi.

Wa chimfine chabe muyamwitseni pafupipafupi, ndipo m'pukuteni mamina asanayamwe chifukwa mphuno zikatsekeka amalephera kukoka bere. Uchi wochepetsa chifuwa ndi wa amene wakwanitsa chaka. Ndipo amayi, musamaphike m'khitchini yodzaza utsi mwana ali kumbuyo. Akupuma utsi womwe ukukulizani misoziwo. Katemera wa chibayo alipo kusikelo kuyambira 2011, pa masabata 6, 10 ndi 14. Chifuwa chikapitirira masiku 14, akamuyeze TB.