Musakatenge ngongoleyo, aphunzitsi

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa CDSS ina ku Ntcheu, ndipo chino n'chaka cha 14 ndikugwira choko. Chaka chatha ndinalemba nkhani ya mavuto a kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'Malawi, n'kuitumiza ku magazini ina yakunja. Patatha miyezi isanu anaikana ndi mizere iwiri yokha. Sindinauze munthu chifukwa cha manyazi. Pano magazini ina yandilembera imelo kuti isindikiza nkhaniyo m'masabata awiri ndikalipira madola 150. Ndikuganiza zokatenga ndalamayo ku banki m'khonde. Kapena kulembaku n'kwa anthu a madigiri akuluakulu okha?

Mphunzitsi wokhumudwa

Aphunzitsi,

Ndalamayo musakatenge, chonde. Magazini yoona imapereka nkhani kwa akatswiri ena kuti aiunike, ndipo n'chifukwa chake yankho limachedwa miyezi. Iyo yokufunafunani yokha, n'kulonjeza masabata awiri, ikungofuna thumba lanu. Dzina lanu likatuluka mmenemo, odziwa zinthu sadzaiwerengera nkhaniyo, pamene inu mukubweza ngongole ndi chiwongoladzanja.

Manyaziwo andimvetsa chisoni. Kukanidwa kumawawa, makamaka ukakusenza wekha, koma olemba otchuka omwe amakanidwa. Ine ndikuona kuti chinakugwetsani ndi mutu wa nkhani. Mavuto a dziko lonse salowa m'masamba ochepa, ndipo akonzi anawerengapo kale zotero kambirimbiri. Chimene alibe, inu muli nacho. Mumachonga bwanji zimangirizo za kalasi yodzaza mpaka pakhomo? Mumatani ana asanu akamalimbirana buku limodzi? Nanga mwana wa Fomu 1 amene amaganiza m'Chichewa, n'kumaopa kutsegula pakamwa kuti anzake angamuseke, munamumasula ndi chiyani? Sankhani chimodzi. Chiyeseni teremu yathunthu, muzilemba m'kope zimene zachitika tsiku lililonse, ndi zimene zakanika zomwe. Zokanikazo musabise, ndi zimene zimakhulupiritsa mphunzitsi mnzanu wa ku Nepal kapena ku Peru kuti munaimadi kutsogolo kwa ana.

Yambani ndi English Teaching Forum, magazini ya boma la America yotuluka kanayi pachaka. Imawerengedwa ulere pa intaneti, salipiritsa wolemba, ndipo imakonda njira zoti wina akaziyese m'kalasi mawa lomwe. Bungwe la IATEFL la ku Britain lilinso ndi yake, Voices, ya nkhani zifupizifupi. ELT Journal ya Oxford University Press ndi yovutirapo, mudzafikeko pambuyo. Inayamba mu 1946, ndipo mkonzi wake woyamba, A. S. Hornby, mwini dikishonale ija ya Advanced Learner's, anayamba ndi kuphunzitsa Chingerezi m'kalasi ku Japan.

Musanalembe, werengani nkhani zingapo za m'magazini imene mwasankha, muone kutalika kwake ndi kalembedwe kake, ndipo malangizo awo kwa olemba muwatsate ndendende. Musatumize nkhani imodzi kuwiri nthawi imodzi. Ahedi anu muwauze, ndipo mayina a ana musawatchule.

Ndikupemphaninso chimodzi: nkhani yokanidwa ija muionetse mnzanu mmodzi wa mu sitafu amene sangakunyengerereni. Mum'funse kuti ndime iti yam'khudza. Mwina ndi imene munatchulamo kalasi yanu, ndipo nkhani yatsopanoyo muiyambire pamenepo.

Azakhali