Madzi a Dzimbiri pa Mjigo: Kachotsedwe Kake

Anzathu a ku Neno, kodi munatungapo madzi oyera mbee pa mjigo m'mawa, nkuwapeza masana atafiira mumtsuko? Amayi amadandaula kuti zovala zoyera zimachita mathotho, tiyi amada bii, ndipo nsima simaonekanso bwino. Ena amati mjigo aulodza. Iyayi, m'madzimo muli chitsulo.

Pansi pa nthaka mpweya ndi wochepa, motero chitsulo cha m'miyala chimasungunuka m'madzi monga mchere, osaoneka ndi maso. Madziwo akatuluka nakomana ndi mpweya, chitsulocho chisanduka dzimbiri, monga lichitira khasu losiyidwa pamvula. Sichifunika chambiri: chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi, chiyamba kale kuthimbiriritsa zovala.

Chitsulo chotere sichipha munthu. Choopsa nchakuti anthu akanyansidwa nawo madziwo amasiya mjigo nabwerera ku Lisungwi, ku Wamkulumadzi kapena ku Shire. Kumeneko madzi angakome pakamwa, koma ndiwo atenga matenda a m'mimba, ndipo ku Shire kuli ng'ona. Tisaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Poyamba dziwani kumene dzimbiri lichokera. Pitani ku mjigo mbandakucha, anthu asanatunge. Ngati madzi oyamba atuluka ofiira, nayera mutapopa kanthawi, ndiye kuti mapaipi kapena ndodo za mjigo zikudyeka. Pamenepo kusefa nkutaya nthawi. A komiti ya mjigo aitane mmisiri. Mjigo wa Afridev uyenera kukhala ndi mapaipi a pulasitiki ndi ndodo zosachita dzimbiri. Koma ngati madzi atuluka oyera nthawi zonse nafiira pambuyo, chitsulocho ncha m'nthaka, ndipo ntchito yatsala kwa inu kunyumba.

Mankhwala ake ndi mpweya womwewo. Tengani ndowa ziwiri, nimutsanulire madzi mu ina muli chiimire, kuti agwe kuchokera patali ndi kuchita thovu. Bwerezani kakhumi kapena kuposa. Musadabwe akayamba kufiira msanga, ndicho tifuna. Vundikirani, agone usiku wonse. M'mawa mupeza nsenga zofiira zakhala pansi. Tsanulani a pamwamba pang'onopang'ono, osagwedeza ndowa, ndipo nsengazo mutaye. Kusefa ndi nsalu madzi ongotungidwa kumene sikuthandiza, pakuti chitsulo chikali chosungunuka chimapyola nsalu.

Banja lalikulu, kapena sukulu, lingapange sefa. Pezani diramu loyera, la pulasitiki ngati lilipo, losasungirapo mankhwala kapena mafuta, nimuboole kabowo m'munsi moikamo kapaipi. Pansi yalani timiyala kuya kwa chikhatho chimodzi, pamwamba pake mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino, kuya kwake ngati theka la mita. Pakamwa pa diramu pachikani chitini chobooledwa timabowo tambiri, kuti madzi azigwa ngati mvula. Mchenga udzagwira dzimbiri. Masiku akamapita udzafiira, koma musafulumire kuutaya, chifukwa mchenga wokutidwa ndi dzimbiri ugwira chitsulo koposa watsopano. Madzi akayamba kutuluka modontha, palani wa pamwamba wokha, muutsuke ndi kuubwezera. Ngakhale osunga maiwe osambiramo achita chimodzimodzi: asandutsa chitsulo dzimbiri, nasefa ndi mchenga.

Kumbukirani kuti madzi opita m'ndowa zingapo agwidwa ndi manja ambiri. Mukatha kusefa, thirani klorini monga mwa muyeso umene alangizi a zaumoyo akuuzani, kapena awiritseni. Klorini abwere pomaliza, pakuti mukamthira poyamba mphamvu yake ina ithera pa chitsulo.

Inu aphunzitsi, onetsani ana ndi mabotolo awiri. Lina mudzaze ndendende pa mjigo pomwepo ndi kutseka zolimba. Lina muthire theka, nimulikhutchumule kwambiri. Aikeni pawindo, ndipo mawa lake anawo anene okha botolo limene layamba kufiira, ndi chifukwa chake.