MAGAZI M'CHIMBUDZI CHA MWANA: TIPEZE KUMENE AKUCHOKERA

Amayi, inu amene mumasintha matewera ndi kutaya chimbudzi cha mwana ndinu oyamba kuona pamene m'mimba mwake mwalakwika. Tsiku lina mungathe kuona magazi m'chimbudzicho popanda chifukwa chodziwika. Musachite manyazi, ndiponso musadikire tsiku la sikelo.

Magazi otere ndi chizindikiro chakuti penapake m'njira ya chakudya pali bala. Njirayi ndi yaitali. Imayambira kukamwa, kudzera kummero, m'mimba ndi m'matumbo, mpaka kotulukira chimbudzi. Ntchito ya achipatala ndiyo kupeza pamene pali balalo ndi chimene chalichititsa. Tsono ntchito imeneyi imayamba ndi maso anu.

MAONEKEDWE A MAGAZI AMATIUZA CHIYANI?

1. Magazi ofiira osakanikirana ndi zonga mamina. Mwana amatsegula m'mimba pang'onopang'ono koma kawirikawiri, amatentha thupi ndipo amalira pochita chimbudzi. Nthawi zambiri ameneyu ndi kamwazi. Tizilombo take timafala kudzera m'madzi oipa, m'manja osasamba ndi ntchentche, makamaka nyengo ya dzinja pamene zimbudzi zokumba zimasefukira.

2. Kamzere ka magazi pamwamba pa chimbudzi cholimba. Mwana akadzimbidwa, chimbudzi chimang'amba khungu la potulukira. Bala limeneli limapola chimbudzi chikayamba kufewa, komabe achipatala alione.

3. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata ndi chonunkha kwambiri. Amenewa ndi magazi ochokera kumtunda, m'mimba kapena kummero. Amada chifukwa ayenda mtunda wautali pamodzi ndi chakudya. Mankhwala owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, kotero ngati mwana akumwa mankhwalawa, auzeni adokotala.

4. Magazi oterera onga jamu wofiira, makamaka mwa mwana wa miyezi 3 mpaka zaka 2. Mwanayo amalira modzidzimutsa, akupindira miyendo pamimba, kenaka amakhala chete, n'kuyambanso kulira. Amasanzanso. Apa mwina thumbo lalowa m'kati mwa linzake ndipo latsekeka. Thumbo lotere limafa likachedwa kuwongoledwa. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

5. Magazi obwera ndi kuleka mwa mwana amene amasewera m'madzi. Ngati mumapita naye kochapa ku mtsinje wa Lilongwe, wa Lingadzi kapena kudambo, nenani. Likodzo lili mitundu iwiri. Lina limatulutsa magazi mumkodzo, lina m'chimbudzi. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu.

6. Magazi mwa khanda losakwana miyezi 2. Nthawi zina khanda limameza magazi ochokera pa bere la mayi losweka, koma nthawi zina magazi ake omwe ndiwo sakuundana bwino. N'chifukwa chake makanda amabayidwa vitamini K akangobadwa. Simungathe kusiyanitsa zimenezi kunyumba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

MAGAZI OSAONEKA NDI MASO

Mwana angathe kutaya magazi pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri inu osaona kanthu. Pali njoka zina za m'mimba zimene zimalowa kuphazi mwana akamaponda dothi lokhala ndi chimbudzi. Zikafika m'matumbo zimaluma ndi kuyamwa magazi. Kotero muziyang'ana zikhatho za mwana ndi m'kati mwa zikope zake. Ngati zayera poyerekeza ndi zanu, mwana akufooka ndipo sikelo yake sikukwera, pemphani kuti amuyeze magazi ndi chimbudzi.

ZIMENE MUYENERA KUCHITA

Pitani ku chipatala chimene chili pafupi ndi kwanu, monga cha Kawale, cha Area 25 kapena cha Bwaila. Tengani buku la chipatala la mwanayo. Thewera la magazi musalichape, likulungeni m'jumbo kuti achipatala akaone okha. Tenganinso mankhwala onse amene mwana wamwa, ngakhale azitsamba. Musabise, pakuti palibe amene angapeze matenda atauzidwa nkhani yoperewera.

Konzekerani kuyankha mafunso awa: Magazi anayamba liti? Aoneka kangati? Ndi ofiira kapena akuda? Ali pamwamba kapena asakanikirana ndi chimbudzi? Mwana akusanza? Alipo wina pakhomo amene akutsegula m'mimba? Madzi akumwa mumatunga kuti?

Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa mwana. Ngati akutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo muzimumwetsa pang'onopang'ono ngakhale muli panjira. Musamupatse asipirini kapena bufeni, chifukwa mankhwalawa amatha kukanda m'mimba ndi kuwonjezera kutaya magazi. Musagule makapisozi pamsika kapena mankhwala oletsa kutsegula m'mimba. Musaike kanthu kalikonse kotulukira chimbudzi.

Mukafika, musakhale pamzere ngati mwana akusanza magazi kapena zobiriwira, mimba yatupa, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akukomoka, kapena wangoti lefuu. Uzani anamwino msanga.

ZIMENE ACHIPATALA ADZACHITA

Adzamugwira pamimba, adzayang'ana kotulukira chimbudzi, ndipo adzaona ngati madzi ndi magazi achepa m'thupi. Angathe kukupatsani kabotolo koti muikemo chimbudzi chatsopano. Ku labotale amachiunika ndi makina okulitsa tinthu tating'ono pofuna mazira a njoka kapena a likodzo. Nthawi zina mazirawo saoneka ulendo woyamba. Akakuuzani kuti mubweretsenso china, musataye mtima.

Akapeza kuti ndi kamwazi, adzapereka mankhwala opha tizilombo, ORS ndi zinki. Zinki amamwa masiku 10 mpaka 14. Malizani mankhwala onse. Ngati papita masiku awiri mwana osasintha, bwererani naye.

Ngati choyambitsa sichikupezeka, kapena magazi akubwerezabwereza, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Kumeneko amaunika pamimba ndi sikani. Pakafunika, amalowetsa kachubu kofewa kokhala ndi kamera kudzera kukamwa kapena kotulukira chimbudzi, mwana atapatsidwa mankhwala omugoneka, kuti aone bala lenilenilo. Musaope kalata yotumizira imeneyi, ndipo musaisunge m'nyumba. Kambiranani ndi bambo a mwana kapena achibale za ulendowu tsiku lomwelo.

KUPEWA

Yamwitsani bere lokha kwa miyezi 6. Sambani m'manja ndi sopo mukasintha thewera, musanaphike ndiponso musanadyetse mwana. Tayani chimbudzi cha mwana m'chimbudzi, osati kudzala kapena m'ngalande. Madzi a pachitsime aphitseni kapena athireni kolorini. Mwana akakwana chaka chimodzi, azilandira mankhwala a njoka miyezi 6 iliyonse, ndipo akayamba kuyenda avale nsapato. Katemera wa rota, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, amateteza ku kutsegula m'mimba koopsa, koma sateteza ku kamwazi. Kotero ukhondo usaleke.

KUMBUKIRANI: Mukaona magazi, yang'anitsitsani, sungani thewera, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli ndi funso, funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo musanachoke pano pa sikelo.