Azakhali Akuyankha: Mngoni Wapeza Geni ya Nsomba ku Durban

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Tsangano. Amuna anga anapita ku Joni chaka chatha ndipo akugwira ntchito ya m'gadeni ku Durban. Mwezi watha anandiimbira foni kuti apeza geni. Akuti kunyanja yamchere nsomba zili mbwee, anthu amangoima pamchenga n'kumakoka, ndiye iwo akufuna aziwedza n'kumagulitsa kwa Amalawi anzawo. Akuti ndigulitse mbuzi ziwiri ndi kachewere yemwe ndakumba, ndiwatumizire ndalama zogulira ndodo, mbedza ndi chiphaso. Tsiku lina akuti chiphasocho n'chosafunika chifukwa nyanja ndi ya Mulungu. Mbuzizo ndimasungira feteleza. Ndichite bwanji?

Nangozo, Tsangano, Ntcheu

Nangozo mwana wanga,

Ndiyambe ndakuombera m'manja. Kuchokera ku Lizulu mpaka ku Senzani, akazi amadikira ndalama zochokera ku Joni. Iwe ndiye ukhala woyamba kutumiza ndalama ku Joni. A mfumu akuitane pabwalo anthu akuone.

Komanso mkamwini wathuyu wandidabwitsa. Makolo athu Angoni ananyamuka kumwera komweko, kuyenda ulendo wonse uja, kuwoloka Zambezi, nsomba osaiyang'ana n'komwe. Kwa iwo ndiwo inali nyama, pambali pake chipanda cha mowa. Lero mdzukulu wawo wabwerera kwawo kwa makolo kukakhala msodzi! Munthu amene madzi ambiri amene anawaonapo asanakwere basi ndi a damu la Mpira, ndipo nsomba amaidziwa ili youma kale pa benchi pamsika wa Kampepuza.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa ndaleka kuseka pang'ono.

Nyanja ndi ya Mulungu, eya. Koma ku South Africa kuli lamulo la 1998 lotchedwa Marine Living Resources Act, ndipo limanena kuti aliyense woponya mbedza m'nyanja yamchere akhale ndi chiphaso. Kale chiphasocho ankachipeza ku positi ofesi, masiku ano amagula pa intaneti kudzera ku unduna woona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe. Chimagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo munthu aziyenda nacho nthawi zonse akamapita kunyanja. Mtengo wake sufika ngakhale mwendo umodzi wa mbuzi yako. Munthu wolandira malipiro a m'gadeni angachigule yekha osagwedeza khola la ku Tsangano.

Nkhani yagona apa: chiphaso chimenechi n'cha munthu wowedza kuti asangalale ndi kupeza ndiwo ya pakhomo. Nsomba yogwidwa ndi chiphaso chimenechi saloledwa kuigulitsa, ngakhale imodzi, ngakhale kwa m'bale wake wa ku Kasinje amene amagona naye chipinda chimodzi. Chilolezo chopha nsomba zogulitsa n'china, ndipo lamulo lomwelo limachipereka kwa eni dziko okha. Mwamuna wako ali ndi pasipoti ya Malawi. Geni yake yathera pomwepa isanayambe.

Tiyerekeze kuti wamva, wagula chiphaso, akufuna ndiwo chabe. Malamulo akadalipo. Nsomba imene amaiona anthu akukoka m'mphepete mwa Durban nthawi zambiri ndi shad, ku Cape amaitcha elf. Munthu mmodzi amaloledwa zinayi zokha pa tsiku, ndipo iliyonse ikhale yosachepera masentimita 30. Yochepera apo aibweze m'madzi, ngakhale m'mimba mukulira. Kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala shad sagwira konse, ndi nyengo imene imaswana. Ndipo nsomba za mitundu yosiyanasiyana akaziphatikiza, malire ake ndi 10 pa tsiku. Werengera wekha, iwe amene umagulitsa kachewere pa ndowa: nsomba zinayi, transipoti yopita kunyanja, nyambo yogula, tsiku limodzi lopuma pa sabata. Mbuzi zako zidzabwera liti?

Asaganizenso kuti pepala limodzi latsegula nyanja yonse. Kuwedza ndi ndodo kuli ndi malipiro ake, kuponya kaukonde kapamanja kuli ndi ake, kutola tizilombo ta m'miyala tochitira nyambo kulinso ndi ake. Ndiye pali malo otetezedwa, monga Aliwal Shoal kumwera kwa Durban ndi iSimangaliso chakumpoto, amene ali ndi zigawo zomwe kuwedza n'koletsedwa ngakhale chiphaso chili m'thumba. Zikwangwani zimakhalapo. Amuna athu vuto lawo n'loti chikwangwani amachiwerenga atagwidwa kale.

Akagwidwa amalipitsidwa chindapusa, ndipo ndodo ndi nsomba zomwe angathe kulandidwa. Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine n'china. Woyendera usodzi akafunsa chiphaso amafunanso chitupa chosonyeza kuti mwini chiphasocho ndiwedi. Kodi mapepala a bambo a kwanuwo ali bwino? Sunanene m'kalata yako, ndipo kusanenako ndakumva. Ngati masiku anatha kalekale m'pasipoti, nsomba zinayi zingamufikitse ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Udzamulandira pa Tsangano Turn-off atanyamula jumbo, mbuzi kulibe, ntchito ya m'gadeni yapita.

Usamve ngati awa ndi malamulo a azungu ofuna kuzunza mlendo. Kuno kwathu alipo. Tili ndi lamulo la usodzi la 1997, ndipo asodzi a ku Mangochi ndi ku Salima amadula laisensi ya zida zawo chaka ndi chaka ku ofesi ya Fisheries. Pofika pa 1 Novembala makoka amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Chambo chosafika masentimita 15 sichiloledwa, ndipo kukokera nsomba ndi neti ya udzudzu ndi mlandu. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, a mfumu Makanjira anayamba kutseka usodzi nyengo ya mvula kale m'zaka za m'ma 1950, boma lisanawauze, ndipo pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Pamenepo pokha Mngoni wathu sakanatha sabata.

China chomwe umuuze mosanyengerera: nyanja yamchere si dziwe. Madzi ake amakwera n'kutsika kawiri pa tsiku, ndipo mwala umene waimapo m'mawa uli gwa, masana wamira. Funde limabwera mwakachetechete n'kukokolola munthu pamwala, ngakhale amene anabadwira komweko. Ngati sadziwa kusambira, aime pamchenga pomwe pali anthu, asapite yekha, asapite usiku, ndiponso asapite atalawa.

Pali kanthu kena kakundinunkhira, koma sindikufuna kukusweretsa banja. Mwamuna amene wayamba mwadzidzidzi kukonda mphepo ya kunyanja Lamulungu lililonse, ndipo ndalama zaleka kubwera, mwina akuwedzadi nsomba. Mwinanso mbedza yake yakola china chovala wigi. Ine sindinanene kanthu. Ungomuuza kuti akagula chiphasocho akutumizire chithunzi chake pa WhatsApp, dzina lake likuoneka bwino, tsiku likuoneka bwino. Akayamba zoti netiweki ikuvuta, udzandilemberenso.

Ndiye yankho langa ndi ili. Mbuzi usagulitse chifukwa cha mbedza. Kachewere gulitsa, ndalama usunge kubanki mkhonde kapena ugulire feteleza mvula isanagwe, mitengo isanakwere. Mwamuna wako umuyankhe mwaulemu, monga mkazi wolangizidwa bwino ku chinamwali, kuti ngati akufuna kuwedza agule chiphaso ndi malipiro ake, agwire zinayi zake, adye ndi anzake, zotsala aike mufiriji. Akakakamira zogulitsa, umuuze kuti akaoda nsomba kwa ogulitsa ovomerezeka n'kumayenda nazo, imeneyo ndi nkhani ina, koma iyonso imafuna mapepala abwino. Akapitiriza kuvuta, itana ankhoswe a mbali zonse ziwiri amuimbire foni ali pamodzi. Ntchito ya ankhoswe sithera pa tsiku la chinkhoswe.

Nanunso amayi a ku Biriwiri, ku Nsipe ndi ku Bawi amene amuna anu ali ku Cape Town, musaseke Nangozo. Lamulo ndi lomweli gombe lonse la dzikolo. Muwauze kuti kumeneko nsomba yotchedwa galjoen imatsekedwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kutha kwa Febuluwale, ndipo nyengo ikatsegulidwa amaloledwa ziwiri zokha pa tsiku.

Ndine Azakhali ako.