ZIPANGIZO ZA MMISIRI WA PA MUDZI: PHUNZIRO LOCOKERA KU MARAMBA

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndi mtedza ukauma, mlimi akhala ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda mvula. Ena aithera miyezi imeneyi pa mowa ndi pa nsolo. Koma alipo ena amene manja ao sakonda kukhala cabe: asema mipini, mitondo, mipando ndi zipande, nakonza zitseko, magoli a ng'ombe ndi ngolo. Palibe wowalemba nchito ai, koma mtima wao ukondwera nazo. Phunziro lino ndi la anthu otere, ndipo funso lace ndi ili: kodi munthu wofuna kuyamba nchito ya manja afunika zipangizo zingati, nanga azisunge bwanji?

Mzinda wa matabwa

Yankho tikalifune ku Maramba, ndiwo mzinda wa Livingstone, pa mtsinje wa Zambezi. Maramba ndi dzina la kamtsinje kothira m'Zambezi, ndiponso la komboni ndi msika waukuru wa mzindawo. Ulalo wa njanji wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatha m'caka ca 1905, ndipo mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935. M'masiku amenewo kampani ya Zambezi Sawmills inali kudula mitengo ya mukusi m'nkhalango za kumpoto cakumadzulo, niitengera ku Livingstone pa njanji yaceyace yofika ku Mulobezi, mtunda wa makilomita ngati 160. Mukusi wambiri unasanduka mitanda yogonekapo njanji.

Lero sitima zamoto za kampani ija zagona m'nyumba yosungiramo zakale ya Railway Museum, koma nsompho ikali kulira. Amisiri a m'mudzi wa Mfumu Mukuni, pafupi ndi mathithi, asema njobvu, mvuu, ndodo ndi mbale, nazigulitsa kwa alendo pa mathithipo ndi pa msika wa Mukuni Park. Zipangizo za wosema wotere zikwana m'thumba limodzi. Apa ndipo pali phunziro lathu: cipangizo cabwino si ca mtengo wapatali, koma cakuthwa, ca mpini wolimba, cosungidwa bwino.

Zoyamba kukhala nazo

1. Nkhwangwa, yodulira ndi kuwazira mtengo.

2. Nsompho, imene ena ati kasemasema. Iyi ndiyo mai wa zipangizo zonse za wosema, pakuti ndiyo ipatsa mtengo maonekedwe ace.

3. Mpeni waufupi wolimba ndi chizulo, zolowera m'makona mmene nsompho siifika.

4. Sowo, wodulira matabwa molunjika.

5. Nyundo ziwiri: yacitsulo ya misomali, ndi yamtengo yomenyera chizulo. Nyundo yacitsulo iphwanya mpini wa chizulo.

6. Tupa ndi mwala wonolera. Popanda ziwirizi zina zonse zikhala zitsulo cabe.

Puleni ndi cobowolera mudzagula m'tsogolo, nchito ikayamba kubweza ndalama. Musatenge ngongole cifukwa ca cipangizo cimene mudzacigwira kawiri pa caka.

Kusankha citsulo

Nkhwangwa ndi nsompho zambiri za m'misika yathu zicokera pa cipala. Osula azisula ndi zitsulo zakale za masipuling'i a galimoto, ndipo citsulo cimeneci ndi cabwino ndithu. Wosula acitentha kufikira cifiire, naviika kukamwa kwace m'madzi kapena m'mafuta kuti kuume. Atatero acifunditsanso pang'ono kufikira cioneke ngati udzu wouma, kuti cisakhale cophweka kusweka.

Pogula, tengani tupa wanu ku msika, nimumpititse kamodzi pa kukamwa kwa nsompho. Tupa akadya kwambiri monga pa msomali, citsuloco ncofewa, cidzapindika. Akangotsetsereka wosagwira konse, ncouma kopambana, cidzabenthuka pa mtengo wolimba. Cabwino ndi cimene tupa acigwira pang'ono.

Kumbukirani kuti moto umene unaumitsa citsulo ungathenso kucifewetsa. Potentha msuka kuti muboole mpini, kulungani kukamwa kwa nkhwangwa m'nsanza yonyowa, ndipo muike msuka wokha pa makala. Ngati munoletsa pa makina, musalole citsulo kutentha kufikira cisanduke cobiriwira, pakuti pamenepo mphamvu yace yatha.

Kunola

Nsompho yobuntha itopetsa dzanja, iononga mtengo, ndiponso ndiyo ipweteka mwini wace, cifukwa ilumpha m'malo mwa kulowa. Tupa adya popita kutsogolo pokha; pobwerera mumnyamule, kuti mano ace asathe. Pa mwala thirani madzi, ndipo muugwiritse nchito ponse ponse kuti usakumbike pakati.

Chizulo cinoledwa mbali imodzi yokha. Kumbuyo kwace kukhale kosalala. Mbali yopendekayo italike ngati kawiri kucindikala kwa citsulo, ndiwo madigiri 30. Mukaipendeketsa kopambana apa, cidzathwa msanga koma cidzabenthukanso msanga. Mmisiri wanzeru anola pang'ono kawiri kawiri. Salinda kuti cipangizo cife.

Mtengo ndi mpini

Dziwani mtengo umene mufuna kusema. Mukusi ngwofiira, wolemera ndi wolimba. Ciswe siciukonda, koma ubunthitsa zipangizo msanga. Tsanya, amene ku Zambezi amucha mupani, ngwolimba koposa. Mukwa ndi uja ife tiucha mlombwa, wa utomoni wofiira ngati mwazi. Uwu usemeka bwino ndipo supindika kwambiri pouma. Cifukwa cace uyenera mipando, zitseko ndi ng'oma. Wophunzira ayambe ndi mitengo yofewa.

Mpini wa nkhwangwa kapena wa nsompho muutenge pa mfundo, pamene nthambi ikomana ndi thunthu, kuti mutu wace usang'ambike. Muuumitse pa mthunzi. Wa pa dzuwa ucita ming'alu. Mpini wauwisi uphwa pouma, ndipo nkhwangwa iguluka.

Mlombwa ndi mukusi zitenga zaka makumi ambiri kuti zikule, ndipo m'malo ambiri zacepa. M'Zambia lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula mitengo ya malonda akhale ndi cilolezo ca a Dipatimenti ya Nkhalango. Pitani mukafunse ku ofesi yao musanadule. Zinthu zazing'ono monga zipande ndi mipini ya mipeni musemere m'zidutswa zotsala ndi m'mitengo yakugwa yokha. Mmisiri wotha nkhalango adzasiyira mwana wace nsompho yopanda cosema.

Kudzisunga pa nchito

Semani molozetsa kukamwa kwa citsulo kutali ndi thupi, ndipo dzanja logwira mtengo likhale kumbuyo kwace. Bvalani nsapato, makamaka posema mtengo wogona pansi. Ponola pa makina bvalani magalasi ocinjiriza maso; diso liribe lina la m'sitolo. Popala mtengo ndi sandipepa gwirirani nchito pabwalo, mutamanga nsaru pa mphuno, cifukwa pfumbi la mtengo lilowa m'cifuwa. Mukadziceka, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, nimupite ku cipatala msanga kukafunsa za jekeseni wa kafumbata. Musathirepo dothi kapena ndowe.

Kusunga zipangizo

Nchito yanu yoyamba ya matabwa ikhale bokosi la zipangizo, lokhala ndi cotsekera, kuti ana asazifikire. Madzulo pukutani ciri conse, nimupake timafuta pa citsulo, makamaka nyengo ya dzinja pamene dzimbiri licuruka. Sowo mumpacike pa msomali. Tupa akhale payekha m'kansaru, asakhulane ndi zitsulo zina. Mipini isagone pa dothi, pakuti ciswe sicigona tulo.

Za kubwerekana, akuru anati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka. Mnansi akafuna nsompho yanu, nkwabwino kuti adze ndi mtengo wace, musemere pamodzi pa khomo panu. Adzapita ndi mpini, ndi nzeru yomwe.

Tsono, alimi anzathu, mvula ya November isanagwe, turutsani zipangizo zanu, muziyale pa mphasa, muone cimene cifuna mwala ndi cimene cifuna mpini watsopano. Itanani mwana, wamwamuna kapena wamkazi, agwire tupa inu mukuyang'ana. Khomo limene liri ndi nsompho yakuthwa silisiya kupalira cifukwa ca khasu loguluka.